Ndinakhala Chete pa Matenda a Akamwini

Mwana wanga wamkazi atamwalira pobereka, akamwini anga anakana kuchoka. Ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi, mwambo wa kusudzula unachitika, ndipo anauzidwa kuti tsopano ndi mfulu, atha kubwerera kwawo ku Mbombwe n'kukapeza banja lina. Iwo anawerama n'kunena kuti, "Anawa akadali aang'ono. Ndikhala kaye." Panali atsikana awiri, wamkulu wa zaka zitatu. Khanda linapita pamodzi ndi mayi ake.

Anthu anawayamikira. Ine sindinawayamikire. Ndinkadzifunsa kuti mwamuna wamphamvu zake, wodziwa kuumba njerwa, akhalirenji pamudzi wa eni mkazi palibe? Ndinali ndi dimba kumtsinje limene ngakhale alongo anga ankalisirira, ndiye ndinati basi, ndi limenelo. Ndinayamba kuwayang'anira. Ndinkadziwa nthawi imene atuluka, kumene alowera, ndi zimene abwera nazo. Nandolo wawo akauma ndinkayeza ndi maso mulu wake pabwalo, kuti ndione ngati wina sakupita kumsika wa ku Milepa mwakabisira kukadyetsa mkazi wina. Zaka zisanu sindinapeze kanthu. Zimenezo sizinandikhazike mtima pansi. Ndinangoti munthuyu ndi wochenjera kuposa mmene ndinkaganizira.

Kuwayang'anirako kunali kwa chapatali, chifukwa kwathu kuno mpongozi ndi mkamwini sayang'anana kumaso. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire. Sitinkadyera pamodzi, ndipo pakakhala nkhani, iwo ankakhala pakhonde atayang'ana uko, ine kuseri kwa nkhokwe, mawu n'kumadutsa pamwamba. Chikwatirireni mwana wanga, chaka chija tinayamba kuvotera zipani zambiri, ndinkawadziwa nkhongo, mapewa ndi kayendedwe. Ana a masiku ano amaseka ndikawauza zimenezi, koma ife sitinkaonapo chachilendo.

Chaka cha njala tonse tinaonda. Titakolola, anthu anayamba kubwerera m'thupi, koma akamwini ayi. Buluku ankalimanga ndi luzi kuti lisagwe. Kenaka chifuwa chinayamba, chouma, chosatulutsa kanthu. Pachitsime amayi ankatsitsa mawu ine ndikafika, ndipo ndinadziwa kuti akunena za matenda aja anamaliza anthu m'midzi yathu zaka zimenezo. Akamwini nawo anamva. Anapita okha kukayezetsa magazi, n'kubwera ndi kapepala, n'kukasiya pamtondo wanga atakatsindika ndi mwala. Chinyanja ndimawerenga ndi kulemba, koma kapepalako kanali ka Chingerezi. Ndinakapereka kwa mphunzitsi wina, anati kachilombo alibe. Mawa lake ndinapita nako kwa mkulu wa mpingo wa mudzi wina, amene sadziwana ndi mphunzitsiyo. Nayenso anati alibe.

Kuchipatala chaching'ono cha kwathu anawayeza makhololo katatu, osapeza kanthu. Anawatumiza ku boma kukajambulitsa pachifuwa, ndipo chithunzi chinaonetsa mawanga m'mapapo. Anati ndi chifuwa chachikulu, chija sichioneka m'makhololo, ndipo amwe mapiritsi miyezi isanu ndi itatu osadumphitsa. Pankafunika gadiyani, munthu woona kuti wodwala wamezadi, n'kuchonga pakhadi. Alongo anga anati achita ndi iwo. Ndinakana. Munthu woiwala kumene wasiya khasu lake angathe kuchonga masiku atatu nthawi imodzi ali pamowa. Khadi ndinatenga ine.

M'mawa uliwonse ndinkaika mapiritsi m'kambale pakhonde pawo, n'kubwerera kuseri kwa mpanda, pamene panali kampata. Iwo ankakhala chammbali n'kumeza, ine n'kumayang'ana kholingo ngati lakwera n'kutsika.

"Apita, amayi."

"Onse?"

"Onse. Kapena ndiyasamule?"

"Yasamulirani nkhukuzo, ine ndaona kale."

Kuseka kwathu kunkathera pamenepo.

Mwezi wachiwiri ndinayamba kuona zina. Njira ya kuchimbudzi chawo inkadutsa pafupi ndi khitchini yanga. Dzuwa lisanafike pamutu ankakhala atapitako kasanu kapena kuposa, ndipo ankakhalitsa, n'kutuluka atagwira khoma. Zitsononkho zimene ndinkaunjika pakhomo pa chimbudzicho zinkatha msanga ngati pakukhala banja la anthu khumi. Tsiku lina iwo ali kumunda, ana ali kusukulu, ndinalowamo. M'mphepete mwa dzenje munali magazi, akuda, osakanikirana ndi zonanda ngati mamina. Atsikana anali asanakule, ndiye panalibe wina woti n'kumuganizira. Ndinathirapo phulusa n'kutuluka. Ndinabwereranso sabata yotsatira, ndi inanso. Zinali chimodzimodzi.

Tsono ndikanauza ndani? Kuti ndinene, ndinayenera kuyamba ndi kuvomera kuti ndinalowa m'chimbudzi cha akamwini n'kuwerama kuyang'ana. Manyazi ake ndi amenewo. Koma chachikulu n'chakuti kwathu munthu wopezeka akusuzumira zonyansa za mnzake safunsidwa kuti amafuna chiyani, aliyense yankho amakhala nalo kale. Mayi wamasiye, wosacheza ndi anthu, mwana wake anafa, mkamwini akuonda: dzina la ufiti likanandikwana popanda wolisoka. Alongo anga akanakaulula pamowa tsiku lomwelo. Amayi a kutchalitchi akanandipempherera mokweza mpaka mudzi wonse umve. Ndinayesa kuzungulira.

"Kodi mapiritsiwa sakukuvutani m'mimba?" ndinafunsa ndili kuseri kwa nkhokwe.

"Ayi, amayi. Chifuwa chokhachi."

Anesi anali atatiuza kuti mapiritsi ena amafiiritsa mkodzo, tisadabwe. Ndinagwira mawu amenewo n'kumadziuza kuti mwina ndi zomwezo, kapena ndi kotupa kaja kamavuta abambo ambiri kumatako, kamatha kokha. Koma ndapha nkhuku zambiri ine, ndabereka ana. Magazi ndimawadziwa.

Mwezi uliwonse tinkapita kukatenga mapiritsi ena, iwo pa kabaza, ine wapansi nditalawirira. Magadiyani ena ankadikira panja. Ine ndinkalowa nawo n'kukhala pabenchi ya kumbuyo, chifukwa sindinkafuna kumva za kuchipatala kudzera mwa munthu. Adokotala ankawakweza pasikelo, n'kupukusa mutu, n'kufunsa kuti, "Vuto lina lilipo, bambo? Kudya, kugona, kuchimbudzi?" Akamwini ankayankha kuti, "Palibe." Ine kumbuyoko mtima unkandipweteka kuti bodza limeneli n'lachiyani. Zinanditengera miyezi yambiri kuti ndione chinthu chapoyera: mwamuna sanganene za kumatako kwake apongozi ake ali phee kumbuyo kwake. Ndikanangotsala panja tsiku limodzi, mwina akananena okha. Achipatala ankachiza chimene anauzidwa.

Mapiritsi anatha, khadi linadzaza, koma munthu anali woipirapo. Mimba inayamba kutupa. Ankatha masiku anayi osachita chimbudzi, akadya n'kusanza. Ku boma anawajambulanso. Adokotala a tsiku limenelo anali mayi wachitsikana, wa msinkhu wa malemu mwana wanga. Anakweza zithunzi ziwiri pawindo, chakale ndi chatsopano, ndipo ngakhale ine ndinaona kuti mawanga achuluka ndiponso akula, obulungira ngati mazira a nkhunda. Anafunsa funso lomwe lija, n'kulandira yankho lomwe lija. Atatuluka ndinawatsatira mpaka pakhonde.

"Adokotala, vuto silili kumtunda kokha."

"Mukutanthauza chiyani, agogo?"

Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kuwauza zonse, ndi mtundu wa magazi womwe.

"Munayamba kuona liti?"

"Mwezi wachiwiri wa mapiritsi."

Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anabwerera mkati, n'kuvala magolovesi, n'kundiuza kuti ulendo uno nditsale panja. Sipanapite nthawi. Anatuluka n'kunena kuti chala chawo chakhudza chotupa cholimba m'njira ya chimbudzi, ndipo atitumiza kuchipatala chachikulu ku Blantyre.

Kumeneko anadula kachidutswa ka chotupacho kukayeza, ife n'kudikira masabata atatu. Akamwini anali pabedi, ine kushedi ya magadiyani, kumene munthu ukasiya supuni kamphindi suipezanso. Atsikana ndinawasiya kwa mng'ono wanga, osati chifukwa ndinkamukhulupirira, koma panalibe wina. Ndinatumiza uthenga ku Mbombwe, pakuti matenda aakulu a mkamwini ndi a eni ake. Anabwera amayi awo, asewere anga, pamodzi ndi amalume awo, mwini mbumba, bambo wa jekete ndi chipewa amene anagwirapo ntchito musitolo ku Limbe ndipo ankadziona kuti za m'tauni amazidziwa.

Asewere atangoona mwana wawo anatembenukira kwa ine.

"Asewere, mwamudyetsa chiyani mwana wanga?"

"Zomwe munkamutumizira inu zaka zisanu zonsezi."

"Ine ndinatumiza chiyani?"

"Ndiye zomwezo."

Tinkaphikira pamafuwa amodzi, koma aliyense ndi mchere wake.

Zotsatira zitabwera, amalume anakumana ndi adokotala pakhomo pa wodi n'kupempha kuti nkhani iyambe yafika kwa akuluakulu, wodwala asamve kaye. Adokotala anatilowetsa m'kachipinda tonse atatu. Adokotalawa anali bambo wa imvi, wa maopaleshoni. Anajambula papepala chingwe chopindikapindika, n'kudinda kadontho chakumapeto kwake.

"Iyi ndi khansa ya m'matumbo," anatero. "Inayambira apa. Mbewu zake zinayenda ndi magazi n'kukamera m'mapapo. Mawanga aja si chifuwa chachikulu, ndi khansa yomweyi."

Ndinafunsa ngati ingachotseke. Anati m'mapapo mukanakhala banga limodzi kapena awiri, kumayiko ena amadula chotupa cha m'matumbo n'kudulanso za m'mapapozo, ndipo ena amachira. Koma awa anali ambiri, mbali zonse ziwiri. Kuchiritsa sakanatha. Chotsala chinali kusankha mmene munthuyo akhalire masiku ake.

Anatchula njira zake. Panali mankhwala a m'diripi, olandira pakapita masabata angapo, amene amafooketsa khansa n'kuwonjezerako miyezi, koma amafooketsanso mwini wake, ndipo sankapezeka nthawi zonse. Panali makina ootcha chotupa, koma m'dziko muno munalibe, ofuna ankapita kunja, ndipo mapapo sakanathandizika nawo. Panali opaleshoni, osati yochotsa matenda, koma yoboola pamimba kuti chimbudzi chizitulukira pamenepo n'kugwera m'kathumba, njira yotsekekayo ipume. Ndiye panali kubwerera kumudzi ndi mankhwala opha ululu basi.

"Koma ndikuuzeni," anatero. "Matumbowa atsala pang'ono kutsekeka. Akatsekeka popanda opaleshoni sapita patali, ndipo imfa yake ndi yosanza, yowawa. Ndi kathumba atha kudya, kuyenda, kukhala ndi ana awo miyezi ingapo. Kuti ndichite, pafunika eni ake asaine. Ndikufuna ndiyankhule nawo."

"Tiyankhula naye ife," anatero amalume. "Tipatseni masiku awiri."

Titatuluka anatikokera pansi pa mtengo.

"Nkhani iyi ithere pompano," anatero. "Munthu ukamuuza kuti sachira, wamupha tsiku lomwelo. Ndipo mwana wa mlongo wanga sayenda ndi chimbudzi pamimba, anthu azimuthawa. Ngati n'kufa, afe wathunthu."

Anati Loweruka abwera ndi galimoto ya matola, adzamuuza kuti achipatala amutulutsa akapezere bwino kumudzi. Kuchokera ku Mbombwe adzapita naye kwa sing'anga wina kutsidya kwa malire, amene amazula zoterezi ndi lumo ndi nyanga.

"Nanga adokotala aja si anati matumbo atseka?" ndinafunsa.

"Amayi, inu mbali yanu mwachita, tathokoza. Mwana wanu anapita, ukwati unatha. Uyu ndi wathu."

Mwa mwambo amalume sankalakwa. Pa nkhani imeneyi ine ndinali mlendo.

Mawa lake ndinapeza anesi a wodi ina, amene munalibe m'kachipinda muja, n'kuwafunsa ngati ndikufunsira munthu wina. Anandiuza zofanana ndi za adokotala a imvi. Ndili pomwepo, mayi wina amene ankachapa pampopi anamva, n'kundikodola. Anati iye ali nako kathumbako chaka chachiwiri, wangobwera kudzaonedwa. Sindinamukhulupirire, poti anali wonenepa kuposa ine.

"Agogo, mukukayika? Bwerani kuno."

Anandilowetsa kubafa n'kumasula chitenje. Kanali kathumba kosaposa chikhatho changa, komata kumanzere kwa mchombo. Anati amalima nako, amapita nako kutchalitchi, koma nyemba anasiya.

Ndinakhala pakhonde la shedi kuganiza. Ndikanena, iwo n'kusaina, n'kufera pampeni, mlandu wonse unali wanga, ndipo dzina lija ndinkaliopa likanandipeza ndithu. Ndikapanda kunena, Loweruka akanakwera galimoto akuganiza kuti akukachira, n'kukafera panjira ya kumalire akusanza, osatsanzikana ndi ana awo. Ndinali nditakhalapo kale chete miyezi yonse ija, ndipo zotsatira zake zinali gone pabedi muwodimo.

Lachisanu masana amalume anapita ku Limbe kukapangana ndi wa galimoto, asewere ali kushedi kuphika phala. Ndinalowa muwodi. Masiku onse ndinkakhala pansi kumutu kwa bedi, kumene akamwini sakanandiona. Tsiku limeneli ndinazungulira n'kuima mbali imene anayang'ana. Anatembenukira mbali inayo. Ndinazunguliranso.

"Amayi, kwagwanji?"

"Musatembenukenso, mutopa. Ndiyang'aneni."

Anandiyang'ana. Anali ndi chipsera pamwamba pa diso lakumanzere chimene sindinkachidziwa, ndipo maso awo anali a mdzukulu wanga wamng'ono ndendende.

Ndinawauza monga ndinamvera, osachotsa, osawonjeza: dzina la matenda, kumene anayambira, kumene afika, kuti sachira, ndi njira zinayi zija. Ndinawauza za galimoto ya Loweruka ndi kumene ikupita. Pomaliza ndinawauza kuti magazi ndinawaona kalekale m'chimbudzi mwawo, ndinangokhala chete.

Iwo anati, "Phulusa lija ndinkaliona. Ndinati amayi adziwa, akawauza adokotala. Ndiye mukalowa nane muja, ndinkadikira kuti munene inu."

"Ine ndinkadikira inu."

"Ndiye tinkadikirana," anatero, n'kuyamba kuseka, chifuwa n'kuwadula. Ndinawapatsa madzi m'manja, koyamba chibadwire.

"Akuti miyezi ingati?"

"Sanatchule. Anangoti ingapo."

"Chimanga chachiwisi ndingachipeze?"

"Sindikudziwa. Musandifunse zimene sindinauzidwe."

"Inuyo mukanasankha chiti?"

"Sindinabwere kudzakusankhirani. Okusankhirani alipo kale ambiri."

Anayang'ana kudenga. Anati za diripi ayi, safuna miyezi yawo ithere m'minibasi ndi pamzere ana ali okha kumudzi. Za kunja sanazitchule n'komwe. Anafunsa kukula kwa kathumba, ndinawaonetsa chikhatho. Anafunsa ngati munthu amatha kukasintha yekha, ndinati mayi wa pampopi uja amatero. Ndiye anati, "Kawaitaneni adokotala."

Asewere anafika ndi phala n'kupeza adokotala a imvi atakhala pamphepete pa bedi, mwana wawo akusaina. Anaika bakuli pansi n'kuyamba kulira ngati maliro achitika kale.

"Mayi, ndikadali pano," anatero akamwini. "Musandilire ndikuona."

Amalume atabwera chakumadzulo ananditulutsira panja.

"Mwamuuza ndinu?"

"Ndine."

"Mpongozi kuyankhula ndi mkamwini za kumatako? Kwanu mumatero?"

"Kwathu sititero. Ndayamba ine."

"Akafera pampeni, maliro ndi anu, mlandu ndi wanu."

"Ndamva."

Opaleshoni inachitika Lolemba. Ndinakhala pabenchi ya panja kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, asewere kunsonga ina, ine kunsonga ina, osayankhulana. Sanafere pampeni. Patapita masiku angapo anayamba kumwa phala, ndipo linakhala. Mimba inaphwa. Tsiku lotuluka amalume anati galimoto ilunjika ku Mbombwe, koma akamwini anati, "Amalume, ndiperekezeni kumene kuli ana." Amalume anavala chipewa n'kupita kukakwera minibasi okha.

Tisananyamuke ndinawapeza adokotala a imvi ali okha n'kuwafunsa kuti, ndikananena mwezi wachiwiri uja, zikanasiyana? Anati mawanga anali kale m'mapapo tsiku loyamba kujambula, ndiye kuchira sakanachira, koma akanavutika pang'ono, ndipo mwina diripi ikanawapeza akadali ndi mphamvu. Ngati ananena zoona zonse kapena anandimvera chisoni, sindikudziwa.

Kumudzi tinafika mitambo ya mvula yoyamba ikusonkhana. Matumba amene anatipatsa anali ochepa. Tinkawachapa ndi sopo n'kuwayanika kuseri kwa mpanda, ndipo atatha tinayamba kugwiritsa ntchito mapepala a shuga, omangira ndi lamba amene ndinasoka ndi chitenje chakale. Khungu lozungulira likapsa tinkapaka mafuta odzola. Zonsezi akamwini ankachita okha. Ine ndinkasunga botolo la mankhwala amadzi opha ululu, la mofini, limene ndinkakatenga ku boma, ndipo ndinkayeza ndekha mlingo wake. Botolo limenelo silinagonepo m'nyumba ya munthu wina.

Sabata yoyamba anaitana ana awo pakhonde. Anakweza malaya n'kuwaonetsa kathumba, n'kuwauza kuti matendawa satha, adzapita nawo, koma osati lero. Wamkulu analira. Wamng'ono anafunsa ngati kamapweteka, kenaka anafunsa ngati angakakhudze. Alongo anga anati ana sauzidwa zotere. Ndinawayankha kuti akafunse eni ana.

Khasu sanaligwirenso, koma pobzala ankayenda pambuyo pathu n'kumaponya mbewu m'mapando, akatopa n'kukhala pamzere. Madzulo ankawerengetsa ana za kusukulu, n'kumawaphunzitsa kumanga mtolo wa nkhuni woti usamasuke panjira. Anthu poyamba ankalambalala nyumba yathu, kenaka anayamba kubwera, ena kudzazonda, ena kudzanunkhiza. Kuyankhulana kwathu kunali kwa maso ndi maso tsopano, ndipo pachitsime nkhani inali imeneyo. Asewere anabwera kamodzi pa Khirisimasi, anakhala pakhonde la mwana wawo, pabwalo langa osapondapo.

Chimanga chachiwisi anachipeza. Tinaotcha, anadya ziwiri, ndipo tsiku lotsatira kathumba kanawavuta, koma anati sakudandaula. Titayamba kukolola mpweya unayamba kuchepa. Ankagona chokhala, atatsamira thumba la madeya. Masabata atatu omaliza manja awo analibe mphamvu, ndipo kathumba ndinkasintha ine. Tsiku loyamba anatseka maso. Masiku enawo ankandiuza pamene ndalakwitsa kumanga.

Anamwalira Loweruka m'mawa, mwezi wa Meyi, ana ali pomwepo. Kuchokera tsiku la opaleshoni inali miyezi isanu ndi iwiri.

A ku Mbombwe anabwera kudzatenga maliro, ndipo tinapita nawo. Kumanda amalume anayankhula m'malo mwa banja. Anati mwana wawo waphedwa ndi mpeni, ndiponso ndi mawu amene sanayenere kumva, ndipo owanenawo akudzidziwa. Anthu anatembenuka kundiyang'ana. Pamalo paja mayi sayankha, ndiye ndinakhala pamene ndinakhala, adzukulu anga wina mbali iyi, wina mbali iyo. Dzina lija linanditsatira mpaka kwathu, ndipo kwa zaka zingapo panali amayi amene sankalola ana awo kudzapala moto kwa ine.

Titabwerako kumanda, amayi tonse tinalowa m'nyumba ya siwa. Ndikukonzeka kutsanzika, asewere anasendera pafupi, osandipatsa moni, osandiyang'ana.

"Tsiku lomaliza anavutika?"

"Mpweya wokha."

"Sanasanze?"

"Ngakhale kamodzi."

Anagwedeza mutu n'kubwerera pamalo pawo. Asewere anakhalanso moyo zaka zinayi, ndipo mawu amenewo ndiwo omaliza amene tinayankhulana.